Nkhono Zamwala za a Nachanza

Kalekale ndithu, msewu wa magalimoto usanazungulire kuseri kwa phiri la Mbendeka, kudali mayi wina woumba mbiya, dzina lawo a Nachanza. Mtsuko woumba iwo unkaziziritsa madzi ngakhale dzuwa la mwezi wa Okutobala litaswa mtengo, ndipo akazi ankachokera midzi yakutali kudzasinthanitsa ndi mapira. Adali ndi ana atatu: woyamba Mwatitha, wamkazi, wachiwiri Sankhulani, wamwamuna, ndi chitsirizira Ndaziona, amene sankachoka pambali pa mayi ake.

Tsiku lina a Nachanza akukumba dothi ku mtapo, pomwe madzi osefukira adagumula gombe la mtsinje, khasu lawo lidagunda mwala. Ataupukuta ndi nsalu adaona kuti sudali mwala wamba. Udali wodzikulunga ngati nkhata, wa mizeremizere ngati nyanga ya nkhosa yamphongo. Adakhala pansi pamatope pomwepo n'kuutembenuza kambirimbiri.

"Ine ndaumba zaka zonsezi," adauza ana awo atafika nawo kunyumba, "koma mizere yolingana chonchi sindinaikwanitsepo. Amene adaumba ichi ndi mmisiri."

Kuyambira pamenepo, mvula ikagwa gombe n'kugumuka, a Nachanza ankapita ndi dengu. Ankatola zing'onozing'ono ngati chikhadabo, zina zazikulu ngati lichero zofuna anthu awiri kunyamula. Ankazitsuka ndi chitsononkho, n'kuzindandalika pathandala m'nyumba. Zina zikasweka pakati, m'kati munkaoneka tizipinda tizipinda tonyezimira. Ankazitcha nkhono zamwala, ndipo zimene ankazikonda adazipatsa maina: ina Kamwana, ina Wamanyazi chifukwa theka lake lidabisala m'thanthwe, ndipo yoyamba ija Nkhalamba.

Chaka china mphunzitsi wapaulendo adapatuka kudzapempha madzi akumwa. Ataona thandala lija adaiwala ludzu.

"Mayi, izitu zidali zamoyo," adatero. "Zinkasambira m'nyanja yamchere kale kwambiri, anthu asanakhaleko. Pamene mwaimapo padali pansi pa nyanja."

A Nachanza adakanika kusunga chimwemwe. Adakanena kuchitsime, akazi n'kuseka mpaka kutula mitsuko. "Nyanja paphiri? Ndiye nsombazo zinkadya masuku?"

Kuseka kukadakhala kuseka, bwenzi zili bwino. Koma mvula idakana zaka ziwiri zotsatizana. M'chaka chachiwiricho mwana wa a Nasoko, mnansi wawo, amene ankakonda kusewera ndi Kamwana pakhonde, adatentha thupi n'kumwalira. Apo mawu adasintha. Anthu adati zija si nkhono koma njoka zimene a Nachanza adaziumitsa kuti zimange mvula. Anyamata adabwera ndi zibonga n'kuphwanya mbiya zonse zimene zinkadikira moto. Miyalayo sadaikhudze, ankaiopa. Amuna a Nachanza adati akupita kwawo kukazonda odwala, osabwereranso. Mayiyo adatenga ana ake ndi nkhono zake n'kukamanga kanyumba kutsidya kwa mtsinje. Pa abale onse, mlongo wawo yekha, a Chisuse, ndiye ankawolokerako, iwonso podzera njira yakuseri.

"Tangotayani, mlongo wanga," ankatero a Chisuse. "Ndi miyala chabe."

"Ndikataya ndiye kuti ndavomera kuti ndidapha mwana wa Nasoko," ankayankha choncho a Nachanza.

Ana adakulira m'chitonzo chimenecho. Mwatitha adakwatiwa mochedwa, ankhoswe a amuna awiri atabwerera panjira, ndipo adakakhala kumudzi kuja, n'kumapirira manong'onong'o pamtondo. Sankhulani adayamba kucheka matabwa m'nkhalango. Ndaziona adatsala ndi mayi ake, adaphunzira kuumba, n'kumakagulitsa mbiya kumsika wakutali kumene kudalibe wowadziwa.

Zaka zidapita, a Nachanza adakalamba. Maso adachita khungu, chifuwa chidawagwira, miyendo n'kutupa. M'mawa uliwonse Ndaziona akawasambitsa ankati, "Tandipatsa Nkhalamba." Ankaiika pachifuwa, chala chawo n'kumatsata mizere ija kuchokera kunja mpaka pamchombo, kenaka ankaitanitsa ina.

M'mawa wina adaitana ana onse atatu.

"Imfa sindikuiopa," adatero. "Chimene chikundidya n'choti ndidzafa ngati galu, popanda wondikumbira, kutali ndi manda a amayi anga. Ndipo adzukulu anga azidzalozedwa chala kuti awo ndi a mfiti ija. Izinso," adagwira m'mbali mwa thandala, "musadzazimwaze. Ndidazitola imodziimodzi."

Tsopano mverani zimene aliyense adachita.

Sankhulani adamva kwa amalonda a matabwa kuti kumzinda waukulu kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo muli anthu ophunzira za miyala. Adapempha mayi ake kuti atengeko nkhono zina akaonetse. Iwo adakana. "Ukazichotsa muno, ine ndizigwira chiyani?" Mawa lake, mayiyo akuothera dzuwa kuseri kwa nyumba, Ndaziona adapeza mchimwene wake akulongedza m'thumba nkhono khumi ndi ziwiri zokongola koposa, Nkhalamba ili m'gulu lomwelo.

"Achimwene, mukuwabera amayi?"

"Ndikuwabwezera dzina. Anthu awa sangamve za ine kapena za iwe. Koma munthu wophunzira akadzaima pabwalo n'kunena, adzamva. Masabata awiri okha, ndabwera."

"Nanga akaitanitsa Nkhalamba m'mawa?"

Sankhulani adamanga thumba. Adatuluka osatsanzika, chifukwa ankadziwa kuti mayi ake akadamugwira dzanja mwendo sukadanyamuka.

Ndaziona adauza mayi ake kuti achimwene apita kukaitana anthu ophunzira, za thumba sadanene. Masiku atatu adazemba, n'kumawapatsa nkhono zina. Pamasiku omwewo adapita ku mtapo, adakanda dothi n'kusakaniza ndi mchenga wambiri kuti lilemere, n'kuumba Nkhalamba ina. Mzere uliwonse ankaudziwa, poti adakula akuitsuka. Adaiwotcha ndi makungwa, ataipukuta n'kuiika m'manja mwa mayi ake. Chala chawo chidayenda mpaka pamchombo monga mwa masiku onse. Ndaziona adaumbanso Kamwana ndi Wamanyazi, poti nazonso zidapita m'thumba lija.

Masabata awiri adatha, achitatu, achinayi. Sankhulani kudali zii. Nthenda idakula, phala n'kumabwerera pakhosi.

Mwatitha ataona choncho adapita kwa a Gomonda, mkulu wa adzukulu okumba manda. Adagwada patali n'kuwomba m'manja.

"Mwana wanga, maliro n'kulirana, sindikana," adatero a Gomonda. "Koma anyamata anga sangagwire khasu kukumbira munthu amene m'nyumba mwake mudakali zinthu zija. Ngakhale akazi sangalowe pasiwa. Zikachoka, mayi ako n'kupepesa, tidzabwera."

Masana a tsiku lotsatira, a Nachanza atagona tulo, Mwatitha adafika ndi madengu awiri. Ndaziona adaima pakhomo n'kutambasula manja.

"Achemwali, amayi adati tisamwaze."

"Adatinso akuopa kufa ngati galu. Udamva mbali imodzi yokha?" Mwatitha ankalankhula motsitsa mawu, misozi ili chuchuchu. "Sankhulani sabwera msanga, iwe ukuona. Ukufuna tidzakumbe awiriwiri, ine ndi iwe, kutchire? Ukufuna tidzawakulunge pamphasa ngati mbuzi yofa yokha? Iwe umakhala kuno. Ine ndimatunga madzi ndi anthu aja tsiku ndi tsiku, ana anga amasewera okha."

Ndaziona adatsitsa manja. Adaima pambali n'kumaonerera thandala likutsala lokhalokha.

Mwatitha adasenza madengu aja maulendo angapo, zazikulu n'kumazikunkhuniza, mpaka padziwe lakuya la kumunsi kwa mtsinje, kumene anthu adali atasonkhana kale. Adaponya imodziimodzi. Ndaziona ali pakhonde ankamva kulira kwa madzi, ndipo zina ankazizindikira ndi kulemera kwa mkokomo wake. Zitatha, Mwatitha adatembenukira khamu lija n'kunena mawu amene mayi ake adawakana zaka makumi awiri.

"Amayi azisiya. Akupempha kuti muwakhululukire."

M'mawa mwake akazi adawoloka mtsinje atasenza nkhuni ndi ufa. Adasesa pabwalo, adakhala pakhonde n'kuyamba nyimbo za kutchalitchi. A Nachanza adadzutsa mutu.

"Ndaziona, mawu awo si a Nasoko? Wabwera kuno Nasoko?"

Apa mpamene Ndaziona adanena bodza lake lalikulu.

"Achimwene atumiza uthenga, amayi. Anthu ophunzira avomera kuti mphunzitsi uja adanena zoona, kuno kudali nyanja. Mudzi wonse wamva. Achita manyazi, n'chifukwa chake abwera."

Nkhope ya mayiyo idawala ngati ya mwana. Adalira, adaseka, adati awakhazike tsonga, awaveke duku labwino. Ndaziona adakhala pakhomo n'kumanong'oneza aliyense wolowa kuti asatchule za padziwe, poti odwala mtima wawo ngofooka. A Nasoko atalowa adagwira dzanja la mnansi wawo wakale n'kunena kuti, "Mulungu amakhululuka, a Nachanza."

"Inenso ndakhululuka, mnzanga," adayankha a Nachanza. A Nasoko adayang'ana Ndaziona modabwa, Ndaziona n'kuyang'ana pansi.

Nkhono zadothi zija ankazibisa mumtsuko wakukona kuti alendo asazione, n'kumazitulutsa m'mamawa anthu asanafike. Mayi ake akaitanitsa ina imene idapita m'dziwe, ankati mawa, n'kuthamangira ku mtapo. Manja ake adachita matuza ndi moto wa makungwa.

M'mawa wina a Nachanza adaigwira Nkhalamba kwa nthawi yaitali.

"Yapepuka masiku ano," adatero.

"Mwina mphamvu zikubwerera, amayi."

Mayiyo adaikweza pafupi ndi khutu n'kuigogoda ndi chikhadabo, monga amachitira woumba poyesa ngati mbiya yapsa. Idalira kuti ngwe. Mwala sulira choncho. Kenaka mayiyo adaibwezera pachifuwa n'kufungatira ndi manja onse awiri.

"Manja ako adakhwima, mwana wanga," adatero.

Ndaziona adatuluka n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, adaluma chitenje kuti akazi obwera asamve kulira kwake. Sadafunse chimene mayi ake ankatanthauza, nawonso mayiyo sadabwerezenso nkhaniyo. Mawa lake adaitanitsa Nkhalamba monga mwa masiku onse.

Sabata lachisanu ndi chimodzi, dzuwa litangotuluka, a Chisuse adabwera, ulendo uno podzera njira yaikulu. A Nachanza adafunsa kawiri ngati Sankhulani wafika. Atamva kuti ayi, adafufuza dzanja la mlongo wawo. Ndaziona adali kumiyendo akuwasisita mapazi.

"Alongo, khungu lidagwira maso okha," adatero mwapang'onopang'ono. "Zimene achita ana anga ndikuzidziwa. Musadzawadzudzule. Mmodzi ndamukhululukira. Mmodzi ndikumuthokoza. Winayo ndikumulirira, chifukwa katundu amene wasenza sadzamtula."

"Uti ndi uti, mlongo wanga?" adafunsa a Chisuse.

Chifuwa chidawatsamwitsa a Nachanza. Chitaleka adatseka maso ngati akupumula, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo adatsirizika.

Maliro adali aakulu. Adzukulu adakumba pafupi ndi manda a mayi awo a Nachanza, monga adafunira. Akazi adadzaza siwa, amuna adadzaza pabwalo, nyimbo zidamveka mpaka kuphiri. Koma kumanda, mkulu wina polankhula adati, "Tithokoze kuti mnzathuyu adasiya njira zoipa asanapite." Anthu adavomera ndi mitu. Mwatitha adaphimba nkhope. Ndaziona adaluma mlomo mpaka magazi.

Patapita masiku anayi Sankhulani adatulukira, ataonda, mapazi atang'ambika, pambuyo pake pali bambo wina wa chipewa ndi chikwama. Atangoona akazi ometa mipala pakhonde, adagwetsa ndodo yake n'kukhala pansi pafumbi.

Nkhani yake idali yotere. Adayenda masiku atatu wapansi kuti akapeze lole. Atafika kumzinda, alonda a panyumba ija adamubweza kangapo, poona munthu wanyankhalala ndi thumba la miyala. Atamulola, adamuuza kuti katswiri wa miyala, a Thindwa, ali kuthengo ndipo abwera mwezi ukatha. Sankhulani adaganiza zobwerera, koma adati ndikabwerera chimanjamanja ndiye ndawabera amayi pachabe. Adadikira, masana akunyamula katundu pamsika, usiku akutsamira thumba lija pogona. A Thindwa atafika n'kumasula thumbalo, adavula chipewa.

Bambo amene adabwera naye adali a Thindwa omwewo. Adaima pabwalo anthu atasonkhana n'kufotokoza kuti zamoyo zimenezi ophunzira amazitcha amonaiti, kuti zinkakhala m'zigoba zawo m'nyanja zakalekale, zitafa matope n'kuzikwirira mpaka kusanduka mwala. Adati sizimanga mvula, sizipha mwana. Adati khumi ndi ziwiri zija aziika m'bokosi lagalasi, dzina la a Nachanza litalembedwa pansi pake, kuti ana asukulu aziwerenga.

"Mnyamatayu wandiuza kuti kunyumba kwatsala zoposa mazana awiri," adatero. "Ndingazione?"

A Gomonda adayamba kukanda pansi ndi chala chakuphazi. Madzulo ake anyamata ena adalowa m'dziwe muja, koma pansi pake padali thope lofika m'chiuno. Adavuula zitatu zokha.

Ena pamudzipo adachita manyazi, a Nasoko adapita kumanda okha kukalira. Koma ena adati, "Ngati sizidali zaufiti, nanga mwana wawo weniweni adaponyeranji? Si tidamva tokha akupepesa?" Mawu amenewo sadafe.

Alendo atabalalika, ana atatu aja adatsala m'kanyumba kaja ndi atsibweni awo, thandala lili lopanda kanthu.

"Achemwali, mudawapha kawiri amayi," adatero Sankhulani. "Mudavomera mlandu umene adaukana moyo wawo wonse."

"Iwe udali kuti akukuitana?" adayankha Mwatitha. "Adafunsa za iwe m'mawa wa tsiku limene adapita. Galasi lakolo lidawakumbira manda?"

Kenaka onse awiri adatembenukira Ndaziona. Sankhulani adati akadaima nji pakhomo, bwenzi nkhono zilipo. Mwatitha adati iye adanamiza anthu akunja, koma Ndaziona adanamiza mayi wake womubala, wakhungu, m'mawa uliwonse, mpaka kuwachititsa kukhululukira anthu amene sadapepese.

"Ndinkafuna aseke kamodzi asanapite," adatero Ndaziona. "Adaseka."

Apo a Chisuse adawauza mawu otsiriza a mayi awo, monga momwe adawamvera, osaonjezera osachotsera. Mkangano udathera pomwepo. Aliyense ankadziyesa yekha mumtima, ndipo palibe adalimba mtima kunena kuti wothokozedwayo ndine.

Sankhulani adabwerera kumzinda, sadakhalenso pamudzipo. Amene adakumana naye ankati nthawi zina ankalowa m'nyumba ija n'kuima pagalasi mpaka alonda kumukumbutsa kuti akutseka. Mwatitha adakhala bwino ndi anansi ake, ana ake adapeza anzawo osewera nawo, koma iye adasiya kuyimba kutchalitchi, ndipo akamapita kudimba ankalambalala dziwe lija ngakhale njirayo idali yaitali. Ndaziona adatsala kutsidya. Adakwatiwa, adabereka, adaphunzitsa ana ake kuumba. Koma mvula ikagumula gombe, nkhono ina n'kuonekera m'dothi, ankangoiyang'ana, kenaka n'kuikwirira ndi phazi. Mpaka imvi zidamera, aliyense womuchezera amene ankaoneka wanzeru ankamufotokozera nkhaniyi n'kumufunsa maganizo ake, ndipo sadapezepo anthu awiri oyankha mofanana.

Ndiye lero mlanduwu ndautula pamaso panu. Sankhulani adaba nkhono n'kusiya mayi ake akumuitana, koma ndi iye adayeretsa dzina lawo. Mwatitha adataya ntchito ya moyo wawo n'kuwavomereza mlandu wabodza, koma popanda iye bwenzi atagona kutchire. Ndaziona sadawasiye ngakhale tsiku limodzi, koma chimene adawaika m'manja ndi m'makutu chidali chonama. Inu mukuona bwanji: pa ana atatuwa, a Nachanza adakhululukira uti, adathokoza uti, nanga amene ankamulirira ndani?